KUSAMALA MALUWA A LISIANTHUS M'NYUMBA PA NYENGO YA CHISANU

Mau oyamba

Lisianthus ndi duwa la malonda limene limalimidwa kuti mapesi ake adulidwe ndi kugulitsidwa, ndipo mitundu yake yaifupi imabzalidwa m'miphika yokongoletsera nyumba. Ogula amalikonda chifukwa phesi lake likaikidwa m'madzi limatha sabata ziwiri lisanafote. Kwa mlimi, vuto lalikulu la duwali ndi kuchedwa kwake. Kuchokera tsiku lofesa kufika tsiku lodula maluwa oyamba pamapita miyezi 5 kapena 6, ndipo pafupifupi theka la nthawi imeneyi mbewu imakhala ikadali kambande ka pa nazale. Choncho mbande imene yafa mu Julayi yapita ndi ntchito ya miyezi itatu, ndipo mlimi sangafese ina n'kupezanso msika umene amaulinga. Kabukuka kalembedwa pofuna kuthandiza alangizi a m'chigawo cha kumwera ndi pakati pa Africa kuti adziwe chimene chimapha duwali m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, ndi njira zolitetezera m'nyumba, pakhonde kapena m'nyumba ya pulasitiki.

Kumene duwali lidachokera

Dzina lake la sayansi ndi Eustoma grandiflorum, ndipo mabuku ena amati Eustoma russellianum. Kwao ndi m'zigwa za udzu za ku United States, monga ku Texas, Oklahoma, Colorado ndi Nebraska, komanso kumpoto kwa Mexico. Lidafika ku Japan m'zaka za m'ma 1930, ndipo akatswiri a kumeneko ndiwo adalisandutsa duwa la malonda. Kampani ya Sakata idatulutsa mitundu yoyamba ya haibulidi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mitundu yodziwika monga Echo ndi Mariachi ndi ya kampani yomweyo.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa mlangizi. Kutchire, mbewuyi imamera, n'kuyala masamba ake pansi mozungulira, n'kudikira kuti nyengo yozizira ipite. Kukayamba kufunda ndi pamene imatulutsa phesi ndi kuchita maluwa. Ndiye kuti kuzizira pakokha si mdani wake woyamba. Mbewu imene yakhala pansi ndipo yazolowera kunja imapirira chisanu chochepa. Zimene sizipirira ndi mphukira zanthete, maluwa osamasula, mbande zongotuluka kumene m'malo ofunda, ndiponso mizu ya m'mphika umene wazizira mbali zonse. Koposa zonse, lisianthus sapirira mizu yake ikakhala m'dothi lozizira ndi lonyowa nthawi imodzi. Mbewu zambiri zimene alimi amati zafa ndi chisanu zimapezeka kuti zaola mizu chifukwa cha madzi.

Chisanu cha kuno si cha ku Ulaya

Malangizo ambiri osindikizidwa okhudza duwali adalembedwera alimi a ku Ulaya, America ndi Japan, kumene nyengo yozizira imakhala ya mdima ndi masiku aafupi kwambiri. Mlangizi awerenge malangizo amenewa mosamala, chifukwa ena mwa iwo akatsatidwa monga adalembedwera amasokeretsa.

M'madera okwera a chigawo chino, nyengo yozizira imakhala youma ndi yadzuwa. Ku Johannesburg, kumene ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, komanso ku Marondera ndi Nyanga m'dziko la Zimbabwe, ku Dedza ndi ku Nyika m'Malawi, ndi kumwera chakumadzulo kwa Zambia cha ku Sesheke, masana kumatha kufunda bwino koma usiku kuzizira mpaka mame kuuma ngati mchere pa udzu. Chisanu chotere chimagwa usiku umene kumwamba kwayera, kopanda mitambo ndi mphepo. Nthaka ndi masamba zimataya kutentha kwake kumwamba usiku wonse, ndipo kuzizira kumafika pachimake mbandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetsereka ngati madzi n'kukaima m'madambo ndi m'zigwa. N'chifukwa chake dimba la kumunsi limapsa ndi chisanu pamene munda wa pamtunda, pa mtunda woyenda mphindi zochepa, sunakhudzidwe. Mlimi amene wamanga nyumba yake ya pulasitiki m'dambo pofuna kuyandikira madzi waiika pamalo ozizira kuposa onse a pamunda wake. Mpanda wa udzu kapena wa mitengo yothithikana umene uli kumunsi kwa nyumbayo umatchinga mpweya wozizirawo kuti usapitirire, ndipo ndi bwino kutsegulapo mpata.

Kuwala si vuto lalikulu kuno. Mu Juni, ku Lusaka ndi ku Lilongwe dzuwa limakhalapo maola opitirira pang'ono 11 pa tsiku, ndipo ku Johannesburg pafupifupi maola 10 ndi theka. Masiku amenewa ndi aafupi mokwanira kuchedwetsa maluwa, popeza lisianthus amafulumira kumasula masiku akatalika, koma ndi okwanira kuti mbewu ikhale ndi moyo wathanzi. Mlimi auzidwe poyera kuti cholinga cha miyezi imeneyi si kudula maluwa ambiri, koma kufikitsa mbewu yamphamvu mu Ogasiti.

Pali madera awiri amene asiyana ndi chithunzi chimenechi. Ku Western Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira. Ku mapiri a Shire, monga ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chiperoni chimabweretsa mitambo, nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Kumeneko mame sauma kawirikawiri, koma chinyezi chimachuluka, ndipo matenda a chuku ndiwo amakhala oopsa kuposa chisanu.

Kutentha koyenera

Lisianthus amakula bwino masana kukakhala pakati pa 20°C ndi 25°C, ndipo usiku pakati pa 15°C ndi 18°C. Kutentha kukatsika kufika cha pa 10°C mbewu imangoima, osakula komanso osafa. Kwa mlimi wamng'ono amene alibe zotenthetsera, kuima kumeneku n'kololedwa. Chimene ayenera kulimbikira n'chakuti usiku pamene pali mbewu pasatsike kupitirira 5°C, ndipo mbande za m'mathireyi zikhale pofundirapo, cha pa 10°C kapena kuposera.

Zonsezi sizingadziwike ndi khungu la munthu. Chida chofunika kuposa zonse pa ntchitoyi ndi choyezera kutentha cha mtundu umene umasunga muyeso wapamwamba ndi wapansi wa tsikulo. Chiikidwe pa msinkhu wa masamba a mbewu, osati pamtengo wa denga, ndipo chisaombedwe ndi dzuwa. Mlimi alembe miyeso iwiriyi m'kope m'mawa uliwonse. Kope limeneli likakwana mwezi umodzi limamuuza mlangizi zambiri kuposa zimene angaone pa ulendo umodzi woyendera munda.

Mbewu za m'miphika

Amene ali ndi miphika yochepa, monga amayi a m'magulu ogulitsa maluwa m'tauni, angathe kuilowetsa m'nyumba. Apa ndi pamene mabuku a kumpoto kwa dziko lapansi amasokeretsa kwambiri, pakuti amalangiza zenera loyang'ana kumwera. Kuno, m'miyezi ya chisanu dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye zenera kapena khonde loyenera ndi loyang'ana kumpoto. Zenera lakumwera silalandira dzuwa ngakhale pang'ono mu Juni, ndipo mbewu yoikidwa pamenepo imatalika monyozoloka, masamba n'kutuwa, n'kugwa. Duwali limafuna dzuwa la maola 5 kapena 6 pa tsiku, ndipo mphika uzitembenuzidwa masiku angapo aliwonse kuti usapendekere mbali imodzi.

Galasi la zenera limazizira kwambiri usiku. Madzulo mphika uchotsedwe pazenera n'kuikidwa cham'kati mwa chipinda, pa tebulo kapena pa thabwa, osati pa simenti. Khoma la njerwa limene laotha dzuwa tsiku lonse limabweza kutentha kwake usiku, choncho miphika yosanjidwa m'mbali mwa khoma lakumpoto, pansi pa denga la khonde, imapulumuka usiku umene ya pabwalo yapsa. Denga la malata lopanda siling'i limazizira msanga, ndipo m'mawa limadontha madzi. Nyumba ya denga la udzu imasunga kufunda bwino kuposa ya malata, ngakhale kuti kawirikawiri mazenera ake ndi aang'ono, kotero miphika iyenera kutulutsidwa m'mawa dzuwa likakwera ndi kubwezedwa lisanalowe.

Khitchini ndi yofunda, koma si malo a duwali. Utsi wa nkhuni ndi wa makala, komanso nthochi, mapeyala ndi matimati zimene zikupsa, zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umafotetsa maluwa msanga. Chigafa cha fodya nachonso sichoyenera chifukwa cha mdima, ndiponso kachilombo koyambitsa matenda a mozeiki wa fodya kamagwiranso lisianthus. Wogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze maluwa.

Mbewu imene idachita kale maluwa mu Malichi kapena Epulo idulidwe isanalowe m'nyumba. Mapesi adulidwe ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, kusiya mfundo ziwiri kapena zitatu zokhala ndi masamba. Mphukira zatsopano zidzachokera pa mfundo zimenezi ndi patsinde. Kudula kuchitike m'mawa wa tsiku louma kuti bala liume dzuwa lisanalowe. Mbewu imene ili kale m'munda ndi bwino kuifunditsa pamene ilipo m'malo moizula n'kuiika mumphika, chifukwa mizu ya lisianthus ndi yosalimba ndipo ikaduka sichira msanga.

Nyumba ya pulasitiki

Alimi ambiri amakhulupirira kuti akangokuta pulasitiki ndiye kuti chisanu achitsekera kunja. Izi si zoona. Pulasitiki wamba woonekera mkati amalola kutentha kwa nthaka kuthawira kumwamba usiku, mwakuti pa usiku woyera ndi wabata, mkati mwa nyumba yotseka mungazizire mofanana ndi kunja, nthawi zina kuposa kunja, popeza mulibe kamphepo kosakaniza mpweya. Pali pulasitiki wa nyumba za maluwa amene adapangidwa kuti azibweza kutentha kumeneku, ndipo mlimi amene akugula watsopano afunse za mtundu umenewu ngakhale uli wokwera mtengo. Amene ali kale ndi wamba aonjezere chofunda chachiwiri.

Chofunda chachiwiri chingakhale nsalu yoyera yopepuka yogulitsidwa m'masitolo a zaulimi, imene imakweza kutentha kwa pansi pake ndi madigiri awiri kapena atatu. Iyalidwe pa mawaya opindidwa ngati uta pamwamba pa bedi kuti isakhudze masamba, ndipo m'mbali mwake mufike pansi, pakuti ntchito yake ndi kugwira kutentha kochokera m'nthaka. Kumene nsaluyi sipezeka, mphasa, mikeka, masaka kapena udzu wolukidwa zimagwira ntchito yomweyo, kaya zayalidwa pamwamba pa denga kapena pa thandala la mkati. Ziyalidwe cha m'ma 4 koloko madzulo, nthaka ikadali yofunda, ndipo zichotsedwe m'mawa dzuwa likatuluka. Chofunda choyalidwa usiku kutazizira kale chimakhala chachedwa.

Madzi amasunga kutentha kuposa dothi kapena njerwa. Mgolo wa malita 200 wopakidwa penti wakuda, wodzazidwa madzi ndi kuikidwa pamene dzuwa limaomba, ukazizira ndi madigiri 5 usiku umatulutsa kutentha kofanana ndi kwa hita yamagetsi ya kilowati imodzi imene yayaka ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kutentha kumeneku n'kochepa pa nyumba yaikulu, ndipo mlangizi asalonjeze zambiri. Koma pansi pa chofunda chachiwiri, m'malo aang'ono mmene muli mathireyi a mbande, migolo iwiri kapena mabotolo a madzi osanjidwa pakati pa mathireyi amatha kusiyanitsa moyo ndi imfa. Bedi nalo likhale la chinyontho pang'ono ndi lopanda udzu wophimbira m'miyezi imeneyi, chifukwa nthaka youma kapena yophimbidwa silandira kutentha kokwanira masana koti ibweze usiku.

Za mbaula payenera kunenedwa mosapsatira. Makala oyaka m'malo otseka amatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu, tulo n'kumugwira, osadzukanso. Mlonda kapena wantchito asagone m'nyumba ya pulasitiki mmene muli mbaula, ndipo asalowemo m'mawa asanatsegule zitseko kwa kanthawi. Kwa mbewu nakonso mbaula ndi hita ya parafini sizabwino kwenikweni, popeza utsi wake uli ndi ethylene, ndipo parafini poyaka amatulutsa nthunzi imene imaonjezera chinyezi. Ngati moto ndi wofunikadi, ng'anjo ikhale kunja ndipo utsi udutse m'paipi yachitsulo yosadontha, monga zimakhalira m'balani ya fodya wa fuluu. Alimi a fodya amaidziwa bwino njira imeneyi.

Ngozi ina imabwera masana. Nyumba imene inali pa 3°C mbandakucha ingapitirire 30°C pofika 11 koloko ngati yasiyidwa yotseka, chifukwa dzuwa la m'madera okwera ndi lamphamvu ngakhale mu Juni. Mbali za nyumba zikwezedwe dzuwa likayamba kufunda, ndipo zitsitsidwe masana akapendeka. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe, ndipo mlimi amene alibe munthu wokhala pamunda tsiku lonse aganizire bwino asanayambe ulimiwu.

Mbewu zokana kutulutsa phesi

Kutentha kwa masana kumeneku kukhudzana ndi vuto lodziwika kwambiri la lisianthus, limene akatswiri amalitcha rosette. Mbande ikakulira m'malo otentha, makamaka kuyambira pomera kufikira itakhala ndi masamba enieni anayi, imayala masamba ake pansi ngati kabichi wamng'ono n'kukana kutulutsa phesi. Kafukufuku wa ku Japan ndi ku Florida adaonetsa kuti izi zimachitika kwambiri pamene kutentha kwa tsiku lonse, kuphatikiza usana ndi usiku, kukupitirira 25°C, ndipo usiku wofunda ndiwo umaonjeza vutoli. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a pa University of Florida adatulutsa mitundu ya Maurine ndi Florida imene imapirira kutentha kotere.

Mlimi amene adafesa mu Novembala kapena Disembala amafika mu Meyi ndi bedi la mbewu zokhala pansi, ndipo amafuna kuzizula poganiza kuti mbeu inali yoipa. Mlangizi amuletse kaye. Mankhwala a vutoli ndi kuzizira komweko. Mbewu yotere ikakhala pa kuzizira kwa cha pa 10°C kwa sabata 4 mpaka 6 imadzuka, ndipo kukafunda imatulutsa phesi monga imachitira kwao kutchire. Mbewu zimenezi zisafunditsidwe kwambiri. Zitetezedwe ku chisanu choumitsa mame ndi ku madzi ochuluka, koma zisiyidwe kuti zimve kuzizira. Sizidzamasula tsiku limodzi, ndipo mapesi ake sadzafanana kutalika, koma pa msika wa m'tauni zimagulitsika.

Mwa ichi nyengo yozizira ndi nthawi yabwino yolerera mbande m'madera ambiri a chigawochi, malinga usiku zikutetezedwa. Njere za lisianthus ndi zazing'ono ngati fumbi, zoposa 15,000 pa galamu imodzi, ndipo n'chifukwa chake zimagulitsidwa zitakutidwa kuti zigwirike. Zimafuna kuwala kuti zimere, choncho sizikwiriridwa, ndipo zimamera pa masiku 10 mpaka 15 kutentha kukakhala pakati pa 20°C ndi 24°C. Zofesedwa mu Epulo zimakhala zokonzeka kuokera pakatha sabata 10 kapena 12, zikakhala ndi masamba enieni 6 mpaka 8. Mbande isachedwe m'thireyi podikira kuti chisanu chithe. Mizu ikazungulira m'kabowo ka thireyi mbewu imapinimbira ndipo imachita maluwa pa phesi lalifupi. Ndi bwino kuokera pa nthawi yake n'kufunditsa bedi kusiyana ndi kusunga mbande yokalamba.

Kuthirira ndi feteleza

Mbewu imene yaima kukula imamwa madzi ochepa, koma dzanja la wothirira silisintha msanga chizolowezi cha m'chilimwe. Lamulo ndi lakuti chala chipisidwe m'dothi, ndipo madzi athiridwe pokhapokha masentimita awiri apamwamba atauma. Mphika unganyamulidwenso kuti kulemera kwake kumveke. Kuthirira kuchitike m'mawa dzuwa litakwera, ndi madzi amene akhala padzuwa pang'ono, osati otungidwa mbandakucha m'thanki ya panja. Madzi apite padothi, masamba asanyowe, ndipo otsalira m'mbale ya pansi pa mphika atayidwe. Mbewu ikafota masana dothi lili lonyowa, yankho si madzi ena. Imodzi itulutsidwe mumphika n'kuona mizu. Mizu yathanzi ndi yoyera ndi yolimba, pamene yodwala ndi yabulauni ndipo khungu lake limavuuka ikakokedwa, n'kutsala kaulusi. Mbande za m'mathireyi zokha ndizo siziyenera kuuma kotheratu, chifukwa mizu yake ili pamwamba.

Lisianthus amafuna dothi la pH ya pakati pa 6.5 ndi 7.0, kutanthauza lopanda asidi wambiri. Nthaka zambiri zofiira za kumapiri zili ndi asidi woposa pamenepa, chimodzimodzinso makungwa a paini oolerana amene alimi a fodya amagwiritsa ntchito m'mathireyi. Pa dothi lotere mbewu imachita chikasu ndi kupinimbira, ndipo zizindikirozi zimanamiziridwa chisanu. Laimu asakanizidwe ndi dothi nthawi yokonza, potsata zotsatira za kuyeza nthaka.

Feteleza achepetsedwe koma asasiyidwe. M'dothi lozizira, tizilombo ta m'nthaka timene timasintha amoniya kukhala chakudya chosavuta kwa mbewu timagwira ntchito pang'onopang'ono, motero amoniya amaunjikana n'kuononga mizu. Pa chifukwa chimenechi yuriya ndi safeti wa amoniya apewedwe m'miyezi yozizira. Woyenera ndi calcium nitrate wosungunuka m'madzi, amene ali ndi naitirojeni 15.5 pa 100 alionse komanso kashiamu amene duwali limafuna wambiri. Theka la galamu pa lita imodzi ya madzi, kamodzi pa sabata ziwiri, n'lokwanira kufikira mbewu itayambanso kukula. Feteleza ameneyu asasokonezedwe ndi CAN wa chimanga, amene theka la naitirojeni wake ndi amoniya ndipo sasungunuka yense m'madzi. Nsonga za masamba anthete zikapsa, kawirikawiri ndi kashiamu amene sanafike kumeneko chifukwa mpweya wa m'nyumba wadzaza chinyezi ndipo mbewu siikukoka madzi. Kutsegula kuti mphepo ipite kumathandiza kuposa kuonjezera feteleza.

Matenda ndi tizilombo

Chuku chotuwa, choyambitsidwa ndi Botrytis cinerea, ndicho matenda a nyengo ino. Chimakonda malo ozizira, a chinyezi ndi opanda mphepo, ndipo chimalowera pa zitsa za mapesi odulidwa, pa masamba akufa ndi pa maluwa ofota. Chikazungulira tsinde, mbali yonse ya pamwamba imafota. Madzi amene amadontha kuchokera ku pulasitiki m'mawa amathandiza kuchifalitsa. Masamba ouma a m'munsi achotsedwe, miphika italikirane kuti masamba asakhudzane, ndipo chodwala chilichonse chiikidwe m'thumba pomwepo chisananyamulidwe, popeza fumbi lotuwalo ndiyo mbeu ya matendawo.

Kuola kwa mizu ndi tsinde kumayambitsidwa ndi Pythium, Rhizoctonia ndi mitundu ingapo ya Fusarium. Mbewu ya Fusarium sichira. Izulidwe pamodzi ndi dothi lake n'kuotchedwa kapena kukwiriridwa kutali, ndipo pa bedi limenelo pasabzalidwenso lisianthus chaka chotsatira. Miphika, mathireyi ndi mipeni zitsukidwe, kenaka ziviikidwe m'madzi a Jik, gawo limodzi la Jik pa magawo 9 a madzi.

Tintchentche tating'ono takuda touluka pamwamba pa dothi ndi chizindikiro chakuti madzi achuluka. Mphutsi zake zimadya mizu yanthete ndi kutsegulira njira matenda. Kachidutswa ka mbatata ya kachewere kakaikidwa padothi kwa masiku awiri, mphutsizo zimapezeka pansi pake. Mathiripisi, makamaka a mtundu wa Frankliniella occidentalis amene adafika ku South Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amabisala m'maluwa ndi m'mphukira ndipo amafalitsa vairasi ya tomato spotted wilt. Nyumba yofunda imawasunga amoyo nyengo yonse yozizira, makamaka ngati muli udzu kapena matimati otsalira. Mapepala omata a buluu kapena achikasu amathandiza kudziwa msanga kuti afika.

Pa nkhani ya mankhwala, mlangizi asadalire timabuku takale. Benlate, amene ankatchulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, adasiya kupangidwa mu 2001. Iprodione, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Rovral, adachotsedwa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa m'maiko a European Union potsatira chigamulo cha mu 2017, ndipo izi zikhudza mlimi wotumiza maluwa ku Ulaya. Methyl bromide, amene ankafukizira nthaka ya nazale, adathetsedwa pansi pa pangano la Montreal, ndipo malire a maiko ongotukuka kumene adali chaka cha 2015. Mankhwala olangizidwa akhale okhawo amene adalembetsedwa m'dziko la mlimiyo, monga ku Pesticides Control Board m'Malawi, ku ZEMA m'Zambia, kapena pansi pa Act 36 ya 1947 ku South Africa. Mitundu ya mankhwala izisinthidwa, chifukwa Botrytis amazolowera msanga mankhwala obwerezedwa.

Kodi mbewu yakale ndi yoyenera kusunga?

Funso ili mlangizi alifunse ntchito isanayambe. Ngakhale lisianthus angakhale moyo kuposa chaka chimodzi, alimi ambiri a malonda amamulima ngati mbewu ya nyengo imodzi, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Mapesi a ulendo wachiwiri amakhala aafupi ndi a maluwa ochepa, matenda a m'nthaka amachuluka pamene bedi likukalamba, ndipo malo amene mbewu yakale yagwira akadalera mbande zatsopano. Kwa amene amatumiza maluwa ku misika yofuna mapesi aatali ofanana, monga Multiflora ku Johannesburg kapena Aalsmeer ku Netherlands, kusunga mbewu yakale sikupindula kwenikweni. Kwa wogulitsa ku maukwati, ku mahotela ndi ku maliro m'tauni yake, amene mbeu yatsopano amaipeza movutikira ndi pa mtengo wokwera, kusunga mbewu zathanzi n'kwanzeru. Zosungidwa zikhale zokhazo za tsinde lolimba ndi lobiriwira zimene zaonetsa kale timphukira patsinde. Njere zotola pa mbewu ya haibulidi sizibereka maluwa ofanana ndi kholo lake, choncho si njira yopulumutsira mtunduwo.

Kutuluka m'chisanu

Ogasiti ndi mwezi wonyenga. Masana kumafunda, mbewu zimayamba kuphukira, koma m'madera okwera a South Africa, Lesotho ndi Zimbabwe chisanu chimatha kubwerera mpaka kumapeto kwa mweziwo, nthawi zina mu Seputembala, ndipo chimapeza mphukira zili zanthete. Zofunda zisasungidwe kutali kufikira kope la miyeso litaonetsa sabata ziwiri zotsatizana zimene usiku sunatsike kupitirira 8°C. Miphika yochokera m'nyumba izolowezedwe kunja pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena masiku 10, kuyambira pa mthunzi wopepuka ndi potchingika ku mphepo ya mwezi umenewu, imene imaumitsa masamba msanga.

Mphukira zikafika masentimita 5, pa mbewu yodulidwa pasiyidwe ziwiri kapena zitatu zamphamvu ndipo zina zithotholedwe. Madzi ndi feteleza zionjezeredwe molingana ndi kukula kwa mbewu. Pa bedi latsopano, mbande zibzalidwe pa mpata wa masentimita 12.5 mbali zonse, zimene zimapereka mbewu 64 pa sikweya mita imodzi, ndipo ukonde wochirikiza mapesi uyalidwe tsiku lomwelo kuti uzikwezedwa pamene mbewu zikutalika. Kumene mvula imayamba mu Novembala, denga la pulasitiki lisachotsedwe ngakhale kwatentha. Mbali zokha ndizo zitsegulidwe, chifukwa duwa lomasula likavumbwa limachita madontho a chuku pasanathe masiku awiri, ndipo wogula amalibweza.